Mmene Mungasanthulire Nambala Yaikulu ndi Kudziwa Gulu Lake

Loweruka lililonse masana ndimakhala pansi ndi ana angapo a Amalawi anzathu m'chipinda china ku Rosettenville, kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, n'kumawathandiza masamu a Giredi 7 mpaka Giredi 9. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mwana amene amayankha mosavuta funso lokhudza 36 kapena 120 amangoti kakasi akaona nambala ya madijiti 7, ngakhale funsolo likhale lomwelija. Tsiku lina ndinalemba 2 699 928 pa pepala n'kupempha mtsikana wina wa Giredi 8 kuti andiuze chilichonse chimene akuona pa nambalayo. Iye anaiyang'ana kwa kanthawi, dzanja lili kale pa foni kufunafuna kakyuleta, kenako anati, "Amalume, ndi yaikulu basi." Malangizo awa ndalembera makolo, achimwene ndi achemwali amene amakhala ndi ana otere madzulo akaweruka ku ntchito, ndipo tiyenda ndi nambala yomweyi mpaka titadziwa zofunika zonse za iyo.

Ntchito yonse yagona pa mfundo imodzi. Nambala iliyonse yathunthu yoposa 1 ili ngati mtolo womangidwa, ndipo nkhuni za mtolowo ndi manambala amene ana kusukulu amawatcha ma prime, kutanthauza manambala oposa 1 amene sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Kungoti nkhuni za mtolo uwu sitiziwonkhetsa ayi, timazichulukitsa. Mukamasula mtolowo n'kuona ma prime amene ali m'katimo, mafunso ena onse, monga akuti nambalayo imagawika ndi chiyani, ili ndi ma factor (manambala olowa mu iyo popanda chotsala) angati ndiponso ili m'gulu liti, amayankhika ndi masamu aang'ono kwambiri.

Choyamba, lembani nambalayo bwino. Ku Malawi tinazolowera kulekanitsa madijiti atatuatatu ndi koma, pamene m'sukulu za kuno ku South Africa amasiya mpata, ndipo koma amamugwiritsa ntchito m'malo mwa kadontho kolekanitsa nambala yathunthu ndi tizidutswa take. Choncho 2,699 imene bambo akuiwerenga ngati nambala yoposa 2 000, mwana wa sukulu ya kuno akhoza kuiwerenga ngati nambala yosafika n'komwe pa 3. Gwirizanani ndi mwanayo kuti mutsatira kalembedwe ka kusukulu kwake, ndipo magulu a madijiti atatuwo aziwoneka bwino chifukwa tiwafuna patsogolopa.

Chachiwiri, yang'anani kumapeto kwa nambalayo. Dijiti yomaliza ikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambala yonse imagawika ndi 2, ndipo ikakhala 0 kapena 5 imagawika ndi 5. Yathuyi ikutha ndi 8, kotero 2 akulowa koma 5 ndi 10 sangalowe. Kuti mudziwe za 4, tengani madijiti awiri omaliza, amene pano ndi 28, ndipo 28 imagawika ndi 4. Kuti mudziwe za 8, tengani atatu omaliza, ndipo 928 kugawa ndi 8 ndi 116 popanda chotsala. Muuzeni mwana chifukwa chake, kuti asangoloweza pamtima: 1 000 imagawika ndi 8, choncho chilichonse chimene chili kumanzere kwa madijiti atatuwo, pokhala kuti ndi mazana khumi angapo, chimagawika kale ndi 8, ndipo chatsala n'kufunsa madijiti atatu omalizawo basi. Dijiti yomaliza ikutiuzanso chinthu china. Nambala yathunthu ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, yankho lake, limene timalitcha sikweya, limatha ndi 0, 1, 4, 5, 6 kapena 9 basi. Popeza yathuyi ikutha ndi 8, si sikweya.

Chachitatu, wonkhetsani madijiti onse. Apa 2 + 6 + 9 + 9 + 9 + 2 + 8 ndi 45. Popeza 45 imagawika ndi 3 komanso ndi 9, nambala yathu nayonso imagawika ndi 3 ndi 9. Izi zili choncho chifukwa 10, 100, 1 000 ndi anzawo onse amasiya chotsala cha 1 akagawidwa ndi 9, motero dijiti iliyonse imangopereka kuchuluka kwake komwe ku chotsala chonse.

Chachinayi ndi chimene mabuku ambiri a ana amachidumpha, ndipo ine ndimaona kuti amawamana anawo chinthu chokoma. Pali njira imodzi yoyesera 7, 11 ndi 13 nthawi imodzi, ndipo imachokera pa mfundo yakuti 7 × 11 × 13 ndi 1 001. Tengani magulu a madijiti atatu aja kuyambira kumanja. Gulu loyamba muliwerenge monga lilili, lachiwiri mulichotsere, lachitatu muliwonkhetse, n'kumapita choncho mosinthanitsa. Pa nambala yathu tili ndi 928 − 699 + 2, ndipo yankho ndi 231. Tsopano funsani nambala yaing'onoyi m'malo mwa yaikulu ija. 231 kugawa ndi 7 ndi 33, choncho 7 akulowa. 231 kugawa ndi 11 ndi 21, choncho 11 akulowanso. Koma 13 × 17 ndi 221, ndipo pakutsala 10, kotero 13 sakulowa. Yankho la kuchotserako likatsika pansi pa 0 musadandaule, ingotengani kukula kwake n'kuyesa chimodzimodzi, ndipo likakhala 0 ndiye kuti onse atatu akulowa. Mtsikana uja ataona zimenezi sanakhulupirire, ndipo ndinamulola kutsimikiza ndi kakyuleta yake. Anagawa 2 699 928 ndi 7, pa foni panatuluka 385 704 popanda tizidutswa, ndipo anasendeza mpando wake kufupi ndi tebulo.

Chachisanu, yambani kugawa kwenikweni, kuyambira ndi prime wamng'ono kwambiri, ndipo muzilemba yankho lililonse pansi pa linzake ngati makwerero. Kugawa 2 699 928 ndi 2 kukupereka 1 349 964, kugawanso ndi 2 kukupereka 674 982, ndipo kachitatu kukupereka 337 491. Imeneyi ikutha ndi 1, choncho ma 2 atha, ndipo analipo atatu. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mwana amagawa ndi 2 kamodzi kokha n'kuthamangira kwa 3. Mukakamizeni mwachifatse kuti asachoke pa prime mmodzi mpaka prime ameneyo atakana kulowa. Tikafika kwa 3, timapeza 112 497, kenako 37 499, ndipo madijiti a 37 499 akawonkhetsedwa ndi 32, kutanthauza kuti ma 3 athera pa awiri. Kwa 7 timapeza 5 357, imene ikagawidwanso ndi 7 imasiya 2, kotero 7 alipo mmodzi. Kwa 11 timapeza 487.

Apa m'pamene pafunika kudekha, chifukwa funso lakuti 487 ndi prime kapena ayi silingayankhidwe ndi maso. Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu, akaona nambala yosagawika ndi 2, 3 kapena 5 amangoti ndi prime, ndipo ndimawakumbutsa za 91, imene imaoneka ngati prime koma ndi 7 × 13. Ngakhale akatswiri anaphonyapo pa zimenezi. Pierre de Fermat, katswiri wa ku France, ankakhulupirira kuti manambala onse a mtundu wina umene ankaufufuza ndi ma prime, ndipo mmodzi mwa iwo anali 4 294 967 297. Mu 1732 Leonhard Euler anasonyeza kuti nambala imeneyi ndi 641 × 6 700 417. Choncho tiyenera kuyesa, koma ubwino wake ndi wakuti sitiyesa manambala onse mpaka 487. Ngati nambala ili yochulukitsa manambala awiri, sizingatheke kuti onse awiri akhale aakulu kuposa square root yake, kutanthauza nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka nambala yathuyo, chifukwa akanatero yankho lawo likanaposa nambalayo. Ndiye timayesa ma prime okhaokha, n'kuima pamene sikweya ya prime wotsatira yaposa nambala yathu. Pa 487, ma prime 2, 3 ndi 5 akukana poyera, 7 akusiya 4, 11 akusiya 3, 13 akusiya 6, 17 akusiya 11, ndipo 19 akusiya 12. Wotsatira ndi 23, koma 23 × 23 ndi 529, imene yaposa 487. Tikhoza kuima ndi mtima wonse n'kunena kuti 487 ndi prime.

Kuti ntchito imeneyi isamachedwe, mwana akhale ndi mndandanda wa ma prime 25 osafika pa 100 kuchikuto kwa kope lake, ndipo ndi bwino aupange yekha. Alembe manambala kuyambira 2 mpaka 100, asiye 2 n'kufafaniza onse ogawika ndi 2, asiye 3 n'kufafaniza onse ogawika ndi 3, achite chimodzimodzi ndi 5 ndi 7, ndipo otsalawo ndiwo ma prime. Njira yosefa manambala imeneyi imadziwika ndi dzina la Eratosthenes, amene anabadwira ku Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya, ndipo ankayang'anira laibulale yotchuka ya ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Mndandanda waufupi umenewu ndi wokwanira kuyesera nambala iliyonse yosafika pa 10 000.

Mtolo wathu tsopano wamasuka: 2 699 928 = 2³ × 3² × 7 × 11 × 487, pamene 2³ ikutanthauza 2 × 2 × 2 ndipo 3² ikutanthauza 3 × 3. Chulukitsaninso kuti mutsimikize: 8 × 9 ndi 72, 72 × 77 ndi 5 544, ndipo 5 544 × 487 ikubwezera nambala imene tinayamba nayo. Mwana wina akanayamba ndi 11 kapena ndi 7, akanafika pa ma prime omwewa, aliyense kuchuluka kwake komweku, chifukwa nambala iliyonse ili ndi njira imodzi yokha yomasukira. Maziko a mfundoyi ali m'buku la Elements la Euclid, amene anakhala ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo Carl Friedrich Gauss anaitsimikizira momveka bwino mu 1801. N'chifukwa chakenso 1 sawerengedwa pakati pa ma prime, pakuti akanawerengedwa, bwenzi munthu akuwonjezera ma 1 ochuluka mmene angafunire ndipo njira yomasulira sikanakhalanso imodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani ma factor, amene ndi manambala onse olowa mu nambala yathu popanda chotsala. Musayese kuwalemba mmodzimmodzi, chifukwa mudzadumpha ena. Tengani kanambala kakang'ono ka pamwamba pa prime aliyense, muwonjezerepo 1, kenako muchulukitse mayankhowo. Prime amene alibe kanambala pamwamba ndiye kuti wabwera kamodzi. Tili ndi 4 × 3 × 2 × 2 × 2, ndipo yankho ndi 96. Chifukwa chake n'chosavuta kumva mukachiganizira ngati kusankha: popanga factor mukhoza kusatenga 2 aliyense, kutenga mmodzi, awiri kapena atatu, zimene ndi njira 4, pa ma 3 muli ndi njira 3, ndipo pa 7, 11 ndi 487 mumatenga kapena kusiya. Pa ma factor 96 amenewa tawerengera 1 ndi nambala yathu yomwe.

Phindu la zimenezi limaonekera pa nthawi yogawana ndalama. Tiyerekeze kuti gulu la banki m'khonde limene abale athu a kuno amatumizako ndalama kumudzi lili ndi K2 699 928, ndipo onse anasonkha mofanana. Mamembala akakhala 24, aliyense alandira K112 497 popanda kwacha yotsala, chifukwa 24 ndi 2³ × 3, ndipo zonsezi zili mu mtolo uja. Akakhala 77, aliyense alandira K35 064. Koma akakhala 16 sizitheka, chifukwa 16 imafuna ma 2 anayi pamene ife tili nawo atatu, ndipo akakhala 25 patsala K3 chifukwa mu mtolomo mulibe 5. Mlembi wa gulu amene wamasula nambalayo kamodzi amayankha mafunso onsewa osagawanso kuchokera poyamba.

Chachisanu ndi chiwiri, pezani gulu la nambalayo. Nicomachus wa ku Gerasa, amene analemba za masamu cha m'ma 100 Yesu atabadwa, anagawa manambala m'magulu atatu potengera ma factor awo. Mumawonkhetsa ma factor onse kupatula nambalayo mwini wake, n'kuyerekeza yankholo ndi nambalayo. Yankho likachepa, nambalayo ndi yoperewera, ndipo mabuku a Chingerezi amati deficient. Likaposa, ndi yosefukira, imene amati abundant. Likafanana ndendende, ndi yangwiro, imene amati perfect. Mwachitsanzo, 6 ndi yangwiro chifukwa 1 + 2 + 3 ndi 6, ndipo 12 ndi nambala yoyamba yosefukira chifukwa 1 + 2 + 3 + 4 + 6 ndi 16. Prime aliyense ndi woperewera, popeza amangotsala ndi 1.

Kuwonkhetsa ma factor 96 pamanja kungatenge usiku wonse, koma mtolo womasuka uja ukutipatsa njira yachidule. Pa prime aliyense wonkhetsani kuyambira 1 mpaka pamene wafika. Pa 2 tili ndi 1 + 2 + 4 + 8, imene ndi 15. Pa 3 tili ndi 1 + 3 + 9, imene ndi 13. Pa 7 tili ndi 8, pa 11 tili ndi 12, ndipo pa 487 tili ndi 488. Chulukitsani zonsezi: 15 × 13 ndi 195, kuchulukitsa ndi 8 ndi 1 560, kuchulukitsa ndi 12 ndi 18 720, ndipo kuchulukitsa ndi 488 ndi 9 135 360. Chotsanipo nambala yathu ndipo patsala 6 435 432, imene yaposa 2 699 928 kupitirira kawiri. Nambala yathu ndi yosefukira. Munthu watcheru akanadziwa zimenezi kale pa gawo lachitatu, chifukwa nambala iliyonse yoposa 6 imene imagawika ndi 6 imakhala yosefukira. Theka lake, gawo lake limodzi mwa atatu ndi gawo lake limodzi mwa 6, pano 1 349 964, 899 976 ndi 449 988, zikawonkhetsedwa zimakwana kale nambala yonse, ndipo 1 yekha akangowonjezerekapo zasefukira.

Manambala angwiro ndi osowa kwambiri, ndipo ana amasangalala kuwamva. Anayi oyamba ndi 6, 28, 496 ndi 8 128, ndipo wachisanu amadumpha mpaka 33 550 336. Euclid anasonyeza mmene amapangidwira kuchokera ku ma prime amene amachepera ndi 1 pa nambala yopangidwa ndi ma 2 okhaokha, monga 3, 7, 31 ndi 127, ndipo Euler anatsimikizira kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imapangidwa motero. Mpaka pano akatswiri akufufuzabe ngati pali nambala yangwiro yosagawika ndi 2. Ma prime a mtundu wa 3, 7, 31 ndi 127 aja ndiwonso amakhala aakulu kwambiri mwa amene anthu apeza. Mu Okutobala 2024, Luke Durant, pogwira ntchito ndi gulu lofufuza la GIMPS, anapeza prime wa madijiti 41 024 320.

Mafunso ena otsala amayankhika mwachangu. Nambala imakhala sikweya ngati prime aliyense wabwera kangapo kogawika ndi 2, ndipo yathuyi ikulephera pa 2, 7, 11 ndi 487, zimene zikugwirizana ndi zomwe dijiti 8 inatiuza poyamba paja. Ili pakati pa 1 643 × 1 643, imene ndi 2 699 449, ndi 1 644 × 1 644, imene ndi 2 702 736. Siingalembedwenso ngati masikweya awiri owonkhetsedwa, mmene 25 ilili 9 + 16, chifukwa zimenezi zimatheka pokhapokha prime aliyense wosiya 3 akagawidwa ndi 4 atabwera kawiri, kanayi kapena kangapo kogawika ndi 2. Pano 3 wabwera kawiri ndipo alibe vuto, koma 7 wabwera kamodzi.

Ndiyenera kuchenjeza kuti njira yoyesa ma prime mmodzimmodziyi ili ndi malire. Nambala ya madijiti 7 ikakhala prime, mungafunike kuyesa ma prime mazana angapo musanatsimikize, ndipo pamenepo kakyuleta kapena kompyuta ili ndi malo ake oyenera. Nambala ikafika pa madijiti mazanamazana, ndipo itapangidwa pochulukitsa ma prime awiri aakulu, ngakhale makompyuta amphamvu amalephera kuimasula m'nthawi imene munthu angadikire. Kuvuta kumeneku ndi kumene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anakugwiritsa ntchito mu 1977 popanga RSA, imodzi mwa njira zotetezera uthenga wachinsinsi pa intaneti, ndipo masiku ano njirayi imagwiritsa ntchito manambala a madijiti oposa 600.

Poyeserera kunyumba yambani ndi zaka zimene mwana akuzidziwa. Chaka cha 1886, pamene mzinda wa Johannesburg unayamba golide atapezeka ku Witwatersrand, ndi 2 × 23 × 41, ndipo chili ndi ma factor 8. Chaka cha 1964, pamene Malawi analandira ufulu wodzilamulira, ndi 2² × 491, ndipo mwana ayenera kudzitsimikizira yekha kuti 491 ndi prime poyesa mpaka 19.

Mtsikana uja ndinamupatsa ntchito yolemera kuposa imeneyi, yomasula nambala yoyandikana ndi yathu, 2 699 929. Ndinangomuuza kuti asataye nthawi ndi 2, 3, 7, 11 kapena 487, chifukwa onsewa amalowa mu nambala yoyamba ija, choncho pa iyi asiya chotsala cha 1. Loweruka lotsatira anabwera ndi masamba awiri odzaza. Anali atayesa 13, 17, 19 ndi 23 osaphula kanthu, ndipo 29 ndiye analowa n'kupereka 93 101. Pa imeneyi anayenda ndi ma prime mmodzimmodzi mpaka 157, amene analowa n'kusiya 593, ndipo 593 anaiyesa mpaka 23 n'kupeza kuti ndi prime. Motero 2 699 929 ndi 29 × 157 × 593, ili ndi ma factor 8 okha pamene mnzake wa pambali ali ndi 96, ndipo ma factor ake kupatula iyo mwini akawonkhetsedwa amangokwana 115 631. Pansi pa tsamba lachiwiri anali atalemba yekha ndi pensulo kuti nambalayi ndi yoperewera.